Mafomu makumi anayi ndi suti ya abambo

Lolemba, 4 Okutobala

Kwa Pulofesa, 10 koloko. Ndadikira pakhonde mpaka 11 kupitirira, pa mpando womwe uja wogwedera mwendo.

Buku langa la digiri linali patebulo pawo, inde. Pamwamba pake makoko a lalanje. Zaka zitatu za moyo wanga zasanduka mbale. Mutu wachinayi wanyowa, inki yayenderera. Zala apukutira pa tsamba lomaliza, ine ndikuona.

Mawu awo: "Munthu mmodzi si umboni, mayi. Bweretsani anthu makumi anayi, apo ayi sindisaina." Tsiku lomaliza kupereka buku ndi pa 29. Akapanda kusaina digiri yapita, nthawi yanga yatha, sawonjezeranso. Chonsecho akhala akudziwa kuti ziganizo zanga zonse ndimayesa ndi Mayi Zipi okha, telala wa Chitchaina uja. Anavomereza okha chaka choyamba, ndi peni yawo. Lero akuti aiwala.

Sanaiwale ayi. Vuto ndi mutu wachinayi. Buku lawo lakalekale lija limati m'Chitchaina mawu otchula malo ukhoza kuwaika mneni asanafike kapena mneni atadutsa, tanthauzo n'limodzimodzi. Mutu wanga ukuti ayi. Malo akabwera mneni asanafike, ndi kumene zinthu zikuchitikira: mphaka akudumphadumpha patebulo. Akabwera mneni atadutsa, ndi kumene chinthu chakathera: mphaka wadumphira patebulo. Mwana wa Chitchaina aliyense amadziwa. Koma Chitchaina cha Pulofesa n'cha moni ndi zikomo basi.

Kunyumba abambo afunsa kuti zayenda bwanji. Ndati bwino. Atulutsa suti yawo m'sutikesi, yoti adzavale tsiku langa lolandira digiri. Ikuwakulira paliponse, matenda aja anawadya thupi. Akuti ndipite nayo kwa telala.

Lachitatu, 6 Okutobala

Ndamufotokozera Kamandevu. Anamaliza chaka chatha kwa Pulofesa yemweyu, pano akuphunzitsa, tayi pakhosi. Waseka chikhakhali. Watsegula dirowa yapansi ya kabati ya mafayilo, watulutsa mtolo wa mapeni omanga ndi labala. Khumi ndi asanu. A buluu, akuda, ofiira awiri, pensulo yolumidwalumidwa kumchira. Akuti mtolowu unayamba iye asanabwere. Wophunzira aliyense wa Pulofesa amautenga, akamaliza amawonjezapo peni imodzi n'kuubweza m'dirowa.

Wandilangiza ngati akundiphunzitsa kuphika. Fomu iliyonse peni ina. Ena ndi dzanja lamanzere. Ena utaimirira, ena pabondo. Ena upinde, ena udonthezere tiyi. Mayankho azisiyana pang'ono, koma ambiri agwirizane ndi buku la Pulofesa.

"Anthu anga makumi asanu ndinawabereka Lamlungu limodzi," anatero, "popanda ngakhale mzamba."

Ndinaseka nawo. Chikundinyansa kwambiri n'chimenecho, kuseka kwangako. Mapeni sindinatenge. Manja ndakasamba kawiri ngakhale sindinawakhudze.

Loweruka, 9 Okutobala

Kwa Mayi Zipi monga mwa masiku onse. Kachipinda kuseri kwa sitolo ya nsapato, fungo la simbi ndi mafuta a makina osokera. Anabwera kuno ndi amuna awo zaka makumi atatu zapitazo, amunawo anamwalira, iwo anatsala ndi makina. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala. Saseka. Moni wawo ndi "wachedwa."

Ndawapatsa jumbo ya mapepala otayidwa a ku ofesi, monga Loweruka lililonse. Amawamata n'kudulirapo mapatani, ena amakulungira zovala za anthu. Pangano lathu ndi lomweli kuyambira pachiyambi: ine mapepala ndi kumasula misoko, iwo ziganizo. Ndimawerenga chiganizo, iwo phazi lili pa makina. Chikakhala chabwino, makina saima. Chikakhala choipa, makina zii, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi ngati ndalavula pansi.

Kusiyana kwa malo kuja anandiphunzitsa ndi bobini ya ulusi. Kuidumphitsadumphitsa patebulo, kenako kuiponya kuchokera pansi kuti igwere patebulo. "Waona? Ziwiri zimenezi n'zofanana kwa iwe?" Mabuku onse a m'laibulale sananene momveka chonchi.

Ndawawerengeranso chiganizo nambala 31, mwina asintha maganizo. Ndi chiganizo choti munthu akulira m'khitchini, koma khitchiniyo itaikidwa mneni atadutsa, mmene buku la Pulofesa likufunira. Makina zii. Chaka choyamba anandiyankha kuti: "Kulira sikumuponya munthu m'khitchini. Ine ndaliramo m'khitchini zaka zambiri, ndikudziwa mmene timanenera." Lero angoti, "Wayambanso?"

Suti ya abambo aitembenuza, aona mkati, ayamikira nsalu. Akuti abambo abwere ayesedwe. Za anthu makumi anayi sindinanene.

Lachiwiri, 12 Okutobala

Masiku awiri mumsewu ndi mafomu, kusaka olankhula Chitchaina. Ndimati ndiyese njira yoona. Ziganizo makumi asanu, chongani chabwino, khwatchani choipa, basi.

Pa sitolo ya zitsulo bwana wawo wandiyesa wamisonkho, wandithamangitsa ndi dzanja ngati nkhuku. Ku malo odyera wophika wachonga zonse makumi asanu osawerenga, foni ili kukhutu, fomu wabweza ili ndi mafuta. Pamene akumanga nyumba yosanja mlonda sanandilowetse n'komwe. Dokotala wa mano wawerenga bwinobwino, munthu waulemu, ndipo 31 wakhwatcha kawiri. Watsinya ngati Mayi Zipi.

Ndiye ndili ndi awiri oona, dokotalayo ndi Mayi Zipi, onse akutsutsa Pulofesa. Ndawaonetsa. Fomu ya dokotala aigwira ndi zala ziwiri. "Awa ndi a mano, mayi, si a chiyankhulo." Nanga osoka mazipi? Sindinafunse. Anali akusenda lalanje lina.

Nsapato yakumanja yang'ambika pachidendene. Matuza awiri.

Lachinayi, 14 Okutobala

Ku chipatala ndi abambo. Sikelo yatsikanso. Namwino wandikokera pambali, wati tiziwapatsa chilichonse chimene mtima wawo ukufuna. Ndamva chimene akutanthauza. Abambo ali kalikiliki kuuza odwala anzawo pa benchi kuti mwana wawo akulemba buku la Chitchaina. "Chitchaina chenicheni, cha timizeremizere tija." Wina wawafunsa kuti chithandiza chiyani. Ayankha kuti akadzaona chithunzi cha tsiku la digiri adzadziwa.

Masana ndadutsa ku ofesi. Dirowa yapansi. Labala yomata m'manja, yonunkha thukuta la anthu ena.

Ndatenga.

Lamlungu, 17 Okutobala

Dzulo kwa Mayi Zipi sindinapite. Koyamba m'zaka zitatu. Ndinatumiza uthenga woti mutu ukundipweteka.

Chitseko chokhoma, makatani otseka dzuwa likuswa mtengo, ngati ndikuphika zoletsedwa. Ndabereka anthu makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi. Mwamuna, zaka 34, injiniya. Mkazi, zaka 27, wogulitsa mafoni. Mwamuna, zaka 51, woyendetsa galimoto, ameneyu ndi dzanja lamanzere, ndamupatsa zilembo zopendama. Wina ndamudonthezera tiyi. Ndinapezeka ndikuganiza kuti injiniyayo ali ndi ana angati. Ndikuchita bwino ntchitoyi, n'chimene chikundidwalitsa. Chitchaina chimene ndinachivutikira zaka zonsezi, lero ndikulembera anthu amene kulibe.

Pa 31 aliyense akuchonga. Peni ikafika pamenepo m'khutu ndimamva makina akuima.

Abambo agogoda, akuti ndipume, ndisadzipweteke ndi maphunziro. Andisiyira nthochi ziwiri pakhomo. Sindinathe kudya.

Lolemba, 18 Okutobala

Otsalawo ndamalizira ku ofesi. Asanu ndi mmodzi aonongeka, zilembo zikuoneka kuti ndi zanga, makamaka mmene ndimakokera mzere womaliza. Mayi Zipi akhala akundidzudzula pa mzere umenewu kuyambira kalekale, amati ndimaukoka ngati mchira wa khoswe. Ndawafinya, ndawaponya m'katoni ya mapepala otaya, ndalemba ena.

Kamandevu wawerenga onse ngati mphunzitsi wochonga mayeso. Wandigwira paphewa. "Takulandira m'banja." Ndikanakhala ndi malaya ena ndikanasintha.

Makumi anayi akwana. Makumi atatu ndi asanu ndi anayi anga, mmodzi woona. Fomu ya dokotala wa mano ndaichotsa, Kamandevu akuti ikusokoneza. Mayi Zipi ndawasiyamo. Ndimati ndikuwachitira ulemu. Tsopano ndi Nambala 17.

Lachitatu, 20 Okutobala

Pulofesa nkhope yawala. Lero mpando andipatsa wabwino, lalanje andigawira. Ndalandira, ndadya. Ndilembe zimenezi kuti ndisadzaiwale: ndadya.

Mutu wachinayi ndaulembanso masiku awiri. Tsopano ukugwirizana ndi buku lawo, ndipo dzina lawo likupezeka kasanu pa tsamba limodzi. Pali chithunzi cha mizati iwiri. Wautali, anthu 39 ovomereza chiganizo 31. Kamfupi, munthu mmodzi wokana. Aloza kamfupiko ndi chala chonata. Akuti ndilembe pansi pake kuti Nambala 17 ndi wokalamba, wakhala kunja nthawi yaitali, chiyankhulo chake chinaonongeka.

Ndalemba. Mayi amene amalota m'Chitchaina, amene amatukwana singano m'Chitchaina, agonja pavoti kwa anthu amene ndawapanga ndi mapeni a m'dirowa. Ndipo ndawalemba kuti sadziwa kuyankhula.

Asaina pa 29 m'mawa, buku likamangidwa. Akuti tikalitumizenso ku magazini ya akatswiri, dzina lawo patsogolo. Kuchimbudzi cha ofesi madzi kulibe. Ndachukucha m'kamwa ndi tiyi wozizira.

Loweruka, 23 Okutobala

Ndapita ndi abambo kukayesa suti. Podutsa ku ofesi ndakhuthulira katoni ya mapepala m'jumbo mwachangu, abambo akudikira mu takisi.

"Wachedwa sabata yathunthu," ndiye moni. Andiyang'ana mutu, akuti sakuona pamene pakupweteka. Kenako andipatsa kabotolo ka mafuta onunkha aja, ndizipaka pachipumi. Ndikanakonda akananditukwana.

Abambo aima manja atatambasula, Mayi Zipi akuwazungulira mapini ali pakamwa, choko cha buluu m'manja. Mapewa, m'chiuno, miyendo, paliponse pakufunika kubweza. Sananene kanthu za kuonda. Angoti suti ndi imene yanenepa. Abambo aseka mpaka kutsokomola. Awiriwa agwirizana msanga, akundinena ine ndili pomwepo, kuti ndine wouma mutu kuyambira ndili mwana. Abambo ati, "Koma bodza sadziwa ameneyu, akanama khutu limafiira." Ndinali nditavala duku.

Potuluka Mayi Zipi afunsa kuti iwo ali pa tsamba lanji m'bukumo. Akufuna ndidzawabweretsere, aike pashelefu pafupi ndi chithunzi cha amuna awo. Ndati ali paliponse. Suti itha Lachinayi. Akuti sindilipira, ndamasula kale misoko yokwana.

Lachiwiri, 26 Okutobala

Buku lili kwa omanga mabuku. Chikuto chakuda, zilembo zagolide.

Masana ndimataya pepala ku ofesi. Katoni yopanda kanthu. Ndaima pomwepo. Mafomu asanu ndi limodzi aja. Ndinawaponya mmenemu Lolemba lija. Loweruka ndinakhuthula zonse m'jumbo, ndi manja angawa, n'kukapereka.

Mwina sanafike pansi pa jumbo. Mwina adula osawerenga. Koma ndi liti anaona chilembo cha Chitchaina n'kuchisiya osawerenga? Amawerenga ngakhale katoni ya mababu.

Kamandevu akuti ndikuda nkhawa ndi zopanda pake. "Telala akakanena kwa ndani?" Zoona, sakanena kwa aliyense. Iye akuganiza kuti nkhani ndi imeneyo.

Lachinayi, 28 Okutobala

Ndakatenga suti. Makina amalira ndili panjira, nditafika pakhomo aima. Sanati ndachedwa. Phukusi linali lokonzeka pa tebulo lodulira, lomanga ndi kansalu. Alikankha ndi nsonga ya sizasi. Mpando wanga panali mulu wa mathalauza, sanauchotse. Ndati zikomo m'Chitchaina. Ayankha m'chiyankhulo chathu, mwaulemu, mmene amayankhira kasitomala: "Pitani bwino, mayi." Zaka zitatu ndakhala "iwe" kwa iwo.

Ndamasulira kuchipinda kwanga. Suti yokongola, msoko osaoneka n'komwe, mabatani onse alimbitsa. Yokulungidwa m'mafomu anga asanu ndi limodzi. Ndinawafinya ine, iwo awasita. Osalala ngati atsopano, fungo la simbi. Pa fomu iliyonse, pa nambala 31, akhwatcha ndi choko cha buluu pamene ndinachonga. Mizere yanga ya mchira wa khoswe aizunguliza, umodzi umodzi, monga amachitira.

Fomu yomaliza ndi ya mwamuna wa zaka 34 wina, mphunzitsi. Pamzere wofunsa kumene munthu amakhala, pamene ndinasiya popanda kanthu, alembapo ndi zilembo zawo zowongoka zija: "Ameneyu amakhala kuti? Ubwere naye Loweruka."

Ndakhala pansi pa simenti. Sindikudziwa nthawi yaitali bwanji. Ndimadana ndi Pulofesa, ndi Kamandevu, ndi makoko a lalanje, ndimadziona woyera pakati pa nyansi. Mtolo wa mapeni uli m'chikwama changa, ndipo dzulo ndinagula peni yobiriwira yoti ndiwonjezerepo.

Lachisanu, 29 Okutobala

Pakhonde, mpando wogwedera. 9 koloko isanakwane.

M'mawa ndapeza abambo atavala kale suti pabalaza, opanda nsapato, akudziyang'ana pa galasi la kabati. Ikuwakhala ngati anabadwa nayo. Ndawauza zonse, ataimirira choncho. Mapeni, dzanja lamanzere, Nambala 17. Ndawaonetsa fomu ya choko. Sawerenga Chitchaina, koma ayang'ana nthawi yaitali. Afunsa funso limodzi, ngati digiri ingadzabwerebe chaka china. Ndati sindikudziwa, mwina ayi. Avula jekete pang'onopang'ono, aliika pa hang'ala, awongola kolala. "Suti siola," atero, n'kulowa kuchipinda.

Suti siola, inde. Koma iwo.

M'chikwama muli buku langa lakale lija, la munthu mmodzi, madontho a lalanje ali pomwepo. Mafomu onse. Mtolo wa mapeni, ndi yobiriwira yomwe, nayonso ndi umboni. La zilembo zagolide lija ndalisiya pansi pa bedi.

Chitseko cha Pulofesa chili kumanzere, ndikumva akuseka ndi Kamandevu. Cha mkulu woyang'anira mayeso chili kumanja. Ndalembetsa dzina kwa mlembi wa kumanja. Wafunsa kuti nkhani yake ndi yotani. Ndati ndabwera kudzadzinenera ndekha, ndi ena. Wandiyang'ana ngati ndapenga. Zilembozi zikupendama ngati za woyendetsa galimoto uja.

Mawa ndi Loweruka. Ndilibe munthu wopita naye. Ndipita ndekha kwa Mayi Zipi, ngati anditsegulira.